Massey 135 yathu batire ikungotha, ndichotse dynamo?

Mlimi_Bembeke:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Tili ndi thirakitala ya Massey Ferguson 135 yomwe anatisiyira malemu bambo, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu ija, mphamvu zilipobe moti imakoka ngolo yodzadza kachewere kuchoka kumunda mpaka kumsewu osatsamwa. Vuto ndi magetsi. Batire ndagula chaka chino koma ikangogona masiku awiri sitata imangoti kete kete basi, ndiye ndi chisanu cha June chino timaimika pamtsetse madzulo kuti mmawa tidzailize choitsetsereza. Ena akuti ndichotse dynamo, chipangizo chochaja batire injini ikamalira, ndiike alternator yomwe ndi chochajira chamakono, koma mtima ukukana kudula mawaya omwe bambo anawasamala zaka zonsezi.

Makanika wa pa Lizulu:
Achimwene musathamangire kugula kanthu. Yambani ndi lamba wa fani, akakhala wolobodoka dynamo siizungulira mokwanira. Kenako waya wa earth, wochoka pa batire kupita pathupi la thirakitala, masulani pomwe wamangidwa pachitsulo mupale dzimbiri ndi sandipepala mpaka pawale, mitu ya batire chimodzimodzi, zoyerayera zija zichoke. Mukatero bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi. Injini itazima batire yodzadza imawerenga ma volts 12.6, mukailiza nkuponda mafuta ikwere cha mma 13.8 mpaka 14.4. Ikangokhala pa 12 pomwepo ndiye kuti sikuchaja, ndipo kawirikawiri amakhala makala a mu dynamo (timabulashi totulutsa magetsi) kuti adyeka kapena regulator, kabokosi kowongolera magetsi opita ku batire, zinthu zosafuna ndalama zambiri.

Mkulu wa ku Tsangano:
Mwana wanga, zomwe anena amakanikawo nzoona, koma ine yanga ndinaika alternator ndipo sindidandaula. Dynamo siichaja injini ikamalira pansipansi, pomwe ntchito yathu yambiri ndi yoima kudikira anyamata apakire matumba. Ma 135 awa anayamba kupangidwa mu 1964, ambiri ku Coventry ku England, chitsulo chake anachipanga kuti chipirire, injini ndi giyabokosi zimatha kukwirira mwini wake. Chomwe chimakalamba ndi mawaya, mphira wake amauma nkumathetheka, kwinako makoswe amamaliza. Bambo ako anasamala thirakitala kuti izilima, akanakhalapo mawaya owuma akanasintha okha.

Mayi wa ku Lobi:
Zoitsetsereza pamtsetsezo siyani chonde, mabuleki a thirakitala yakale sangadalirike, makamaka ngolo ili kumbuyo. Ndipo onaninso thermostart, kachitsulo kotenthetsa mpweya, kokhala ndi waya ndi kapaipi ka dizilo pomwe mpweya umalowera mu injini. Kakafa, kukazizira injini imavuta kulira ndiye mumangopukusa sitata mpaka batire kutheratu.

Mlimi_Bembeke:
Zikomo nonse. Ndamasula waya wa earth, pansi pake dzimbiri lokhalokha, ndapala. Pano sitata ikupota mwamphamvu koma mita ikungoima pa 12.3 ngakhale ndiponde mafuta. Loweruka ndibwera nayo dynamo pa Lizulu achimwene, tikaone makalawo kaye.