A MP akuti za maluso ndalama kulibe chifukwa cha ngongole ya boma, ndi zoona kapena angotizemba?

MwanaWaMzuzu:

Moni nonse, ndili ndi funso koma mundipirire ndiyambe ndi nkhani kaye. Mng'ono wanga anamaliza kozi ya zowotcherera chaka chatha, pepala ali nalo, dzanja lake ndi labwino moti geti la pakhomo pathu anawotcherera yekha ndi makina obwereka ndipo odutsa amaima kufunsa kuti anapanga ndani. Koma pano mnyamata ali pa kabaza, njinga ya eni ake, madzulo aliwonse apereke kaye ya bwana, zotsalazo ndiye za sopo ndi bando. Makina alibe, gilayinda alibe, ngakhale chigalasi chotchingira kumaso chija ankachita kubwereka.

Loweruka lapitali a MP a kwathu anachititsa msonkhano pa bwalo la sukulu, sinditchula dzina kapena dera, Mzuzu anaigawa patatu ndiye aliyense aganizire yekha. Anati zimene aika patsogolo ndi mlatho pa kamtsinje kena, ma kiyosiki a madzi, shedi ya amayi pamsika, kenako bonanza ya mpira. Nthungululu mbwee. Ine ndinaimika dzanja mpaka kutopa, atandiloza ndinafunsa kuti nanga achinyamata amene aphunzira ntchito zamanja koma alibe poyambira muwatani, komanso ena ambiri amene malo ku Mzuzu Technical sanawapeze. Anandiyankha mwaulemu ndithu, akuti achimwene funso lanu ndi labwino koma boma lili pa ngongole yoopsa, ndalama zikungopita kobweza, za maluso ndi za TEVETA (bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja) ndi unduna, ine mbali yanga ndi zitukuko zazing'ono. Basi maiki kupereka kwa wina.

Ndiye amene mumazitsata izi ndithandizeni. Ngongoleyi ikukhudzana bwanji ndi mng'ono wanga, kapena ndi chozembera chabe? Akuti abweranso mwezi wa mawa, ndikufuna ndikafunse funso loti asalithawe.

Ticha_wa_Katoto:

Achimwene pa za ngongolezo sananame, koma anakuuzani theka. Kumapeto kwa 2024 ngongole ya boma inali itadutsa K16 trillion ndipo chichokereni apo siinatsikepo. Bajeti ya 2025/26 inali cha m'ma K8 trillion, mmenemo zopitirira K2 trillion zinali za chiwongoladzanja chokha, osati kubweza ngongole yeniyeniyo ayi, intelesiti basi. Ndiye kuti pa K4 iliyonse imene boma linakonza kugwiritsa ntchito K1 inali ya eni ngongole. Amene anatengapo katapila akudziwa mmene zimakhalira, malipiro akafika umayamba wapereka kwa mwini ndalama, ana fizi adikire.

Chowawa nchoti tinakhululukidwapo. Mu 2006 nthawi ya a Bingu, nduna ya zachuma ali a Goodall Gondwe, ngongole yambiri yakunja inafafanizidwa kudzera mu HIPC, ndondomeko yokhululukira ngongole maiko osauka. Zaka 20 zisanakwane tabwerera m'dzenje, ndipo ulendo uno gawo lalikulu boma labwereka konkuno, kumabanki athu omwewa.

Apa ndi pamene mng'ono wanu akulowa. Mukanakhala inu banki, ndalama mungabwereketse boma limene likupatsani chiwongoladzanja chonona popanda kulithamangitsa, kapena mnyamata wa kabaza wopanda chikole amene akufuna makina owotcherera? Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki, kufika 26 peresenti mu 2024, mabanki amaikanso yawo pamwamba, ndani angayambe geni pa ngongole yotero. Kachiwiri kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Makina, gilayinda, ma rod, ma disiki odulira zitsulo, palibe chopangidwa kuno, zonse zimafuna dola. Choncho ngongole inamupeza mnyamatayo mu hadiweya, sanachite kupita ku Capital Hill.

Koma tsopano theka limene sanakuuzeni. Bajeti amavomereza ndani? Mabilu olola boma kubwereka kunja amadutsa kuti? Ku Nyumba ya Malamulo, ndipo amene amakuwa kuti eya ndi aphungu omwewo. Munthu sangadandaule za ngongole ngati ndi mvula yamatalala pomwe iye ali ndi voti pa nkhaniyo. Mukawafunse kuti chilowereni mu nyumba ija alankhulapo chiyani pa kubwereka, ndipo bajeti ya masukulu a ntchito zamanja ikamakambidwa amakhalapo kapena amakhala ali panja pa foni. Ngati ndi atsopano mukawafunse kuti bilu ya ngongole ikabwera adzafunsa mafunso otani asanavomere.

Kabaza265:

Kkkkk bonanza ndiye ndalama zake zimapezeka bwanji ngati dziko lili pa ngongole. Chikho, mayunifomu, mipira, ma alawansi a oimba mluzu. Mipira 20 ndi makina owotcherera amodzi mtengo sukusiyana kwambiritu. Ife pa siteji yathu tilipo atatu a mapepala, wina pulamba, wina wa zamagetsi, ine bilikileya. Tikapanga kampani ya zomanga pompano tingosowa wilibala.

NyaZolozolo:

Ine ndisiyane nanu pang'ono. Mlathowo musaunyoze abambo inu. Amene amakhala kumtunda kwa tala sadziwa kuti mvula ya kuno ikayamba, ija yosakata ya mu March ndi April, kamtsinje koti chilimwe umadumpha kamasanduka chinthu china. Ine mwana wanga wa sitandade 2 ndimachita kumubereka kuwoloka naye, tsiku lina madzi anandifika m'chiuno uku ndanyamula chikwama chake kumutu, kubwerako ndinalira ndekha. Ndiye a MP akati mlatho ine ndiombera m'manja, ndisaname.

Za maluso ndine mboni. Ndinaphunzira zosoka, makina ndili nawo a mapazi, ndinagula ndi ndalama za banki mkhonde. Vuto langa si luso, si makina, ndi msika. Munthu afika ndi nsalu, ndimuuza mtengo wosokera diresi, akuti mayi ku kaunjika ndipeza atatu, kapena apita ku Mataifa akagula chosokasoka cha ku Tanzania. Ntchito imene imandisunga ndi kubweza zipi, kuchepetsa mathalauzi a kaunjika omwewo, ndi mayunifomu sukulu ikamatsegulira. Tikamakuwa kuti aphunzitseni aphunzitseni tiziganizanso kuti akaphunzira agulitsa kwa ndani, poti anthu m'matumba mulibe kanthu. Matelala tachuluka kale pa khonde lililonse.

MadalaWaLuwinga:

Mayi a ku Zolozolo mwalasa. Ine ndili ndi shedi yowotcherera, ndakhala pa ntchitoyi zaka zoposa 25, ndinayamba ndi trade test giredi 3 kalekale TEVETA isanabadwe, paja inabwera mu 1999. Chaka chilichonse ana amabwera kudzapempha atachimenti, ndimalandira awiri atatu, ena ndimabweza mtima ukuwawa chifukwa ntchito yoti ndiwapatse palibe. Ndipo ndinene chilungamo, ena amabwera ndi pepala lokongola koma kuwapatsa square tube kuti adule pa madigiri 45 alumikize kona ya felemu, mpata wake mungalowetse chala. Si vuto la mwana, kumene anaphunzirako ana 30 makina awiri, ma rod ochita kuwerenga, magetsi akathima tsiku lapita. Kuwotcherera sumaphunzira pa bolodi, dzanja liyenera kupsa kaye, maso alire usiku ngati muli mchenga, ukatero ndiye umadziwa kufunika kwa chigalasi.

A MP akuti za maluso ndi za TEVETA, chabwino. Olemba ntchito amapereka ndalama yofanana ndi 1 peresenti ya malipiro onse a antchito awo ku levy ya TEVET, ndalama imeneyo si ngongole, ndi yathu ya konkuno, phungu ali ndi ufulu wofunsa mu Nyumba kuti yafika zingati ndipo kumpoto kwabwera zingati. Ma community technical college anayamba mu 2015, yoyamba kutsegulidwa inali ya Ngara ku Karonga, cholinga chinali chabwino, koma nyumba yopanda zipangizo ndi holo chabe.

Koma ine maganizo anga ndi ena, ndipo safuna ndalama yatsopano ngakhale tambala. Mlatho umene akufunawo uli ndi zitsulo zogwirira m'mbali. Shedi ya pamsika ili ndi mapolo, ma trasi, mabenchi. Kiyosiki ya madzi ili ndi chitseko chachitsulo, mabagala, mapaipi. Sukulu imene munakhalira msonkhanoyo ndikutsimikiza ana ena amakhala pansi, madesiki kulibe. Zonsezi ndi ntchito za wowotcherera, kalipentala, pulamba ndi bilikileya. Funso nlakuti amapanga ndani. Nthawi zambiri kontilakita amabwera ndi anyamata ake, mafelemu atawotcherera kale kwina, ana a m'deralo ntchito yawo kutunga madzi ndi kukanya matope. Ndiye mukapita musakapemphe koleji, adzakuuzani za ngongole kachiwiri. Mukanene kuti pa chitukuko chilichonse cha CDF, thumba lija la chitukuko cha m'dera la phungu, zitseko, mawindo ndi madesiki zipangidwe ndi ana a m'dera lomwelo amene ali ndi mapepala, pansi pa mmisiri wamkulu woti aziona ntchito. Mwana akapanga madesiki 100 makina wagula, mayi a ku Zolozolo nawo apeza wosoketsa diresi chifukwa ndalama yazungulira pompo.

Ticha_wa_Katoto:

Madala mfundo yanu ndi yakupsa koma pali minga ziwiri. Yoyamba, ndalama za boma sizilipidwa kwa munthu wongoti ndimatha, pamafunika bizinesi yolembetsa, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, akaunti ya ku banki, makoteshoni. Anyamatawa akapanda kupanga gulu nkulembetsa, adzawakanira pa mapepala ndipo lamulo lidzakhala kumbali ya owakanawo. A Kabaza265 mwati mulipo atatu, yambani pamenepo mmalo moseka.

Yachiwiri, CDF si ya m'thumba mwa MP ngakhale amakonda kuti tiziganiza choncho. Imadutsa ku khonsolo, ndipo mu 2025 High Court inagamula kuti aphungu kulowerera pa kayendetsedwe ka thumbali nkosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndiye pempho lanu lipitenso kwa khansala, ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu ndi ku Civic Offices, maofesi a khonsolo, osangodikira msonkhano wa pa bwalo.

Komanso tisaiwale kuti CDF yomweyo imachokera mu bajeti yomwe ili ndi dzenje ija. CDF inali K40 million dera lililonse, inapita pa K100 million mu 2022, kenako K200 million mu 2024, ndipo pa kampeni ya 2025 a Peter Mutharika analonjeza K5 billion dera lililonse. Madera alipo 229, chulukitsani muone, ndi yopitirira K1.1 trillion pa chaka. Ikachokera mu misonkho bwino, ikachokera kobwereka ndiye kuti mlatho tiwoloka lero koma adzalipira ndi mwana amene mayi aja akumubereka. Ngakhale pulojekiti ya SAVE ya World Bank imene inavomerezedwa mu 2021 yotukula maluso m'makoleji, ya $100 million, gawo lina ndi thandizo gawo lina ndi ngongole. Ine ngongole yophunzitsira ana ndilibe nayo mlandu, bola anawo akatuluka apange zinthu zoti dziko lisiye kuitanitsa kunja. Imene imandipweteka ndi yobwerekera mafuta a ma galimoto a mabwana ndi maulendo.

Mzimba_ku_Joni:

Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg kuno. Ndinaphunzira ukalipentala kwathu, ndinakhala zaka 2 ndikupala matabwa a ku Chikangawa pansi pa mtengo, mipando osagulidwa, ndinakwera basi. Kuno ndimaika ma siling'i ndi makabati a kukhitchini, luso lomwelo, kusiyana kwake kuno kuli ogula. Tilipo ambiri a ku Mzimba ndi Nkhata Bay, Malawi anatiphunzitsa koma tikumangira eni ake. Mng'ono wanuyo mukachedwa mudzamva ali pa Beitbridge. Ngati ali wolimbikira ndiuzeni, kuno makina a inverter ang'onoang'ono aja amapezeka motchipirako, wina akamabwera pa Disembala atha kunyamula, inu mukonzeke za pa boda basi.

MwanaWaMzuzu:

Yewo chomene nonse, ndaphunzira zambiri kuposa pa msonkhano paja. Mayi a ku Zolozolo pepani, mlatho sindikuukana, ndingofuna zitsulo zake awotcherere ana athu. Ndamuwerengera mng'ono wanga zonsezi, poyamba anangoti aaa zandale izo, koma atamva za madesiki wakhala tsonga, akuti anzake amene anamaliza nawo alipo 6 ndipo awiri ndi atsikana, mmodzi akugulitsa mandasi pa depoti.

Ndiye tapangana chonchi, Lachitatu akumana kwathu alembe mayina ndi zimene aliyense amatha, ine ndikafunsa za kalembetsedwe ka gulu, kalata tilemba ziwiri, ina kwa khansala ina kwa a MP, kuti pa msonkhano ndikangoimirira nkufunsa kuti kalata yathu munailandira, yankho ndi lotani. Funso la a Ticha la mabilu a ngongole ndikafunsanso, ndalilemba kale pa kapepala kuti ndisakachite chibwibwi.

A MadalaWaLuwinga, mungalole kuti dzina lanu tiliike ngati mmisiri woyang'anira? Ndipo a ku Joni ndakutumizirani uthenga ku inbox, mundiuze mtengo wake mu ma rand.

MadalaWaLuwinga:

Dzina ndisanapereke ndione kaye dzanja lawo. Abwere Loweruka 7 koloko m'mawa, aliyense adzadula ndi kulumikiza kona imodzi ine ndikuona. Ma rod ndipereka ine, koma asabwere atavala masilipasi.