Tizitsulo mu oyilo wa difu, ndiyende nayo kumudzi?

Bambo a Chisomo, Mufakose:
Abale ndithandizeni. Loweruka ndinakhetsa oyilo wa difu yakumbuyo (bokosi la magiya lapakati pa matayala akumbuyo) pa Hilux yanga ya D4D, ndiye pa pulagi yapansi ija ili ndi maginito ndinapeza zotuwa zamatirira ngati phala, komanso tizitsulo tiwiri titatu tonyezimira. Mwezi wamawa ndikupita kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, katundu tho ndi ana omwe, mtima uli m'mwamba. Ku Kaguvi, msewu wa mu Harare wogulitsirako zida za galimoto, nakonso wina akuti oyilo wa 80W-90 wina 85W-140, ndigule uti?

Madala a ku Gazaland:
Achimwene, phala lotuwalo lisakuopseni, magiya akamakhudzana amagwetsa kautuchi kosalala ndipo maginitowo anawayikira zomwezo. Nkhani ili pa tonyezimirato. Titikiteni pakati pa zala, ngati tikusalala ngati ufa woyera palibe vuto koma ngati tikubaya kapena tili ngati mamba a chambo ndiye kuti beringi yayamba kusenda, ndipo kachidutswa konga njere ya mpunga kamakhala dzino la crown wheel kapena pinion, magiya awiri aakulu a mu difu. Mvetseraninso kulira kwake. Ikamalira mukuponda mafuta nthawi zambiri ndi mano a magiya, ikamalira mutachotsa phazi ganizirani beringi ya pinion. Ine ndakalamba ndi sipanala m'manja, difu yoyamba kusenda oyilo watsopano sayichiza ayi.
Oyilo gulani wolembedwa GL-5 (mlingo wa oyilo wa magiya), magiya a difu amakhuzana mwamphamvu kwambiri GL-4 sangakwanitse. 80W-90 ali bwino, 85W-140 uja ndi wolemera ndipo ena amamuthira kungofuna kubisa phokoso, zomwe ine ndimadana nazo. Koma yang'anani kaye pa difupo, pakakhala kachizindikiro ka LSD (difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha poterera) pamafunika oyilo wa LSD, apo ayi izigogoda pokhota.

Mayi a Tadala, Mabvuku:
Oyiloyo anatuluka wa mtundu wanji bambo? Wathu anatuluka ngati tiyi wamkaka dzinja lathali, madzi a m'zithaphwi analowa ndipo kabulitha (kopumira mpweya) ka pamwamba pa ekiselo kanali katatsekeka ndi matope, mpaka ma silo anayamba kudontha. Komanso masulani kaye pulagi yothirira musanakhetse, ife tinakhetsa kenako yam'mwamba inakana kumasuka galimoto inagona panja masiku awiri.

Bambo a Chisomo, Mufakose:
Zikomo madala, zikomo mayi. Oyilo anali wakuda basi koma tizitsuloto tikubaya ndithu, ndipo nkamatsika mtunda ndimamva kakulira kamene ndimati ndi matayala.

Madala a ku Gazaland:
Ndiye musanyamule ana pa msewu wa Tete ili choncho, kutentha kwa kumene kuja ndi katundu beringi ingathere m'tchire. Amakaniko atsitse difuyo aone beringi za pinion, atsuke mkati mwa ekiselo bwinobwino asanabwezere, athire mpaka oyilo ayambe kudontha pabowo lothirira. Tizitsuloto tisungeni m'kapepala mukawaonetse amakaniko.