Kodi kugula lathe yaing'ono yosemera mapeni a paini n'kwanzeru?

Mhango: Akuluakulu, zidutswa za paini wa ku Chikangawa zimangotayidwa m'mashedi muno mu Mzuzu. Kodi kalipentala atagula lathe (makina ozunguza thabwa posema) yaing'ono kuti azisema mapeni, ndalama ingabwerere?

NyaGondwe: A Mhango, thabwalo ndi laulere, koma mtengo wa peni uli pa zitsulo zake: timapaipi tiwiri ta brass ta 7mm, msonga, kopanira pathumba ndi inki. Zonsezi n'zoitanitsa kunja, ku South Africa kapena ku China. Onjezanipo mandrel (kachitsulo kolowetsapo zidutswa pa lathe), ma bushing (timphete tachitsulo tosonyeza polekezera kusema) ndi guluu. Werengerani zimenezi kaye.

Chirwa: Ine nkhawa yanga ndi painiyo. Ndi wofewa, ndipo pa peni yowonda thabwa lotsala pamwamba pa kapaipi silifika ndi 2mm yomwe. Tchizulo chikabuntha pang'ono chimazula ulusi wa thabwa, nthawi zina chidutswa chonse n'kusweka kumapeto. Utomoni nawo umatseka sandipepa. Komanso mizere yofewa imadyeka msanga kuposa yolimba, peni n'kutuluka ya mabampu.

Kaunda: Zonsezo zili ndi mankhwala ake, achimwene. Sankhani thabwa lopanda mfundo, dulani 20mm kwa 20mm, zidutswa ziwiri zotalikirapo pang'ono kuposa timapaipi. Boolani pang'onopang'ono, mukutulutsa utuchi pafupipafupi, chifukwa chibowolero chikatentha thabwa limang'aluka. Palani kapaipi ndi sandipepa kuti guluu agwire. Posema, mukatsala pang'ono kufika pa bushing, imitsani makina, thirani super glue wamadzimadzi kuti alowe m'thabwa, aume, kenako malizani mopepuka. Sandipepa muyambe 150 mpaka 600, ndipo pakati pake muzipala chautali makina ali chiimire.

Chirwa: Nanga chinyezi cha kuno? Thabwa longochekedwa kumene likamauma limafinyika, koma kapaipi sikafinyika, ndiye peni imang'ambika ili kale m'manja mwa wogula.

Kaunda: Zoona. Dulani zidutswa zisanafunike, zikhale m'nyumba pouma milungu ingapo, makamaka nyengo ya mvula.

NyaGondwe: Kwa ine, paini akhale wophunzirira. Mlendo wa ku Nkhata Bay kapena wogulira mphatso mwana womaliza ku Mzuni amakopeka ndi maonekedwe, ndipo zidutswa za mlombwa kapena mbawa zimawala bwino pa zitsulo zomwezo. Lathe gulani, a Mhango, koma ikhale yotha kusemanso zigwiriro za madilowa ndi miyendo ya timipando, isamangodikira zitsulo zochokera kunja.