Sindinapite ku seminale yaing'ono, kodi ndingakhalebe wansembe?

Wa ku Kanyama:
Moni akuluakulu. Ndili ndi zaka 22, Grade 12 ndinamaliza, ndipo ndimatumikira pa guwa ku parishi kwathu. Mtima ukundikokera ku unsembe, koma sindinadzere ku seminale yaing'ono ngati ya Mukasa ku Choma. Kodi khomo likadali lotseguka? Ndiyambire kwa ndani, ndipo maphunziro amatenga zaka zingati?

Akatekisita:
Khomo ndi lotseguka, mwana wanga. Ambiri amalowa atamaliza sekondale wamba. Koma usathamangire ku seminale yaikulu ya St Dominic's ndi kalata m'manja, kumeneko salandira munthu wobwera yekha. Amene amatumiza mnyamata ku seminale ndi episkopi wa dayosizi yake.

Yamba ndi bambo mfumu, wansembe woyang'anira parishi yanu. Usawaimitse pakhomo la tchalitchi Misa itangotha, apemphe tsiku mukhale pansi. Iwo adzakutumiza kwa wansembe woyang'anira za maitanidwe mu Arkidayosizi ya Lusaka, amene adzayenda nawe kwa miyezi ingapo, kukuitana ku misonkhano ndi kufika mpaka kwanu kukaona makolo. Konzeratu satifiketi ya ubatizo, ya ulimbitso, zotsatira za mayeso, kalata ya bambo mfumu ndi ya dokotala. Apa ambiri amachedwa chifukwa cha chinthu chaching'ono: anabatizidwira kumudzi, mwina ku Katete kapena ku Petauke, ndipo dzina la m'buku la ubatizo likusiyana ndi la pa chiphaso cha boma, NRC. Zikatero pamafunika kulembera parishi ya kumeneko, choncho yamba lero. Ndipo uzioneka ku mphakati, kagulu ka Akhristu a m'dera lanu, chifukwa anthu a kumeneko adzafunsidwa za khalidwe lako.

Bambo Phiri a ku Chilenje:
Ndiwonjezepo za zaka. Wofuna unsembe wa dayosizi amayamba ndi chaka chokonzekera ku Emmaus Spirituality Centre kuno ku Lusaka: mapemphero, Baibulo, katekisimu ndi kuphunzira kukhala pamodzi ndi anzake. Akachoka apo amapita ku St Augustine's, Mpima, ku Kabwe kukaphunzira filosofi, kenako St Dominic's ku Woodlands kukaphunzira tiyoloje. Malamulo a Mpingo amafuna zaka zosachepera 2 za filosofi ndi 4 za tiyoloje. Ukaphatikiza chaka choyamba chija ndi nthawi yotumikira ku parishi, werengera zaka 8 kapena kuposerapo. M'njiramo amalandira utumiki wowerenga Mawu, kenako wotumikira pa guwa. Udikoni sapatsa munthu wosakwana zaka 23, unsembe wosakwana zaka 25, ndipo pakati pa ziwirizi payenera kupita miyezi yosachepera 6.

Funso limene uyenera kuyankha msanga ndi ili: dayosizi kapena chipani cha ansembe? Wa dayosizi amalonjeza kusakwatira ndi kumvera episkopi, ndipo moyo wake wonse umathera m'maparishi a dayosiziyo. Wa chipani, monga Ajezuiti, Akapuchini kapena Asaleziani, amadzera ku novishiyeti, nthawi yophunzira moyo wa chipanicho, kwa miyezi yosachepera 12, amachita malumbiro a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, ndipo angatumizidwe dziko lililonse. Osalembera zipani zitatu nthawi imodzi ngati ukufunsira ntchito. Oyang'anira maitanidwe amadziwana.

Wa ku Kanyama:
Zikomo kwambiri. Nanga amene amabwezedwa panjira, chimawabweza n'chiyani? Kwathu akuyembekezanso kuti ndigwire ntchito ndithandize azing'ono anga.

Amayi a Chikondi:
Mwanawe, kawirikawiri chimabweza anyamata si mayeso ayi, ndi kubisa. Wina ali ndi mwana ku komboni, wina chibwenzi sanachithetse, wina ngongole, wina mowa. Zinthu izi zimatulukira pa tchuthi, chifukwa bambo mfumu amalemba lipoti la mmene wakhalira, ndipo udikoni usanachitike dzina limalengezedwa m'tchalitchi kuti wodziwa chovuta anene. Ukachotsedwa, kulowa kwina sikophweka, poti lamulo limafuna umboni wochokera kumene unachoka.

N'chifukwa chake mlangizi wa zauzimu ndi wofunika kwambiri. Zimene umamuuza n'zachinsinsi, ndipo malamulo amaletsa kufunsa maganizo ake, kapena a wansembe amene umalapa kwa iye, pamene aphunzitsi akugamula zokudzoza kapena kukuchotsa. Ndiye palibe chifukwa chomunamizira. Muuze za kusakwatira mmene ukumvera ndithu, osati mmene ukuganiza kuti akufuna kumva.

Za kunyumba usazipeputse. Zaka zonsezo sudzalandira malipiro, ndipo banja lidzafunikabe kukupezera sopo, nsapato ndi ndalama ya basi ya ku Kabwe. Ngakhale utadzozedwa, wansembe sakhala ndi ndalama zolipirira sukulu abale onse. Makolo amve zimenezi bwinobwino usanapite, pakhalenso amalume kapena azakhali, kuti pasadzakhale mawu pambuyo. Ngati palibiretu wina wosamala azing'ono akowo, uwauze oyang'anira maitanidwe pa msonkhano woyamba. Pa zaka 22 ukhoza kugwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri uku akukutsatira, n'kudzalowa ku Emmaus zinthu zitakhazikika kunyumba.