6÷2(1+2) ansala yake ndi 9 kapena 1? Pakhomo pano tasemphana

Mayi_wa_ku_Nchalo

Abale anga ndithandizeni, nkhani iyi yatisowetsa mtendere kuyambira Lachisanu. Mwana wanga wamkulu ali folomu 1 ndiye anabwera ndi samu iyi kuti anzake akutumizirana pa WhatsApp, 6÷2(1+2), iye anasova mu kope nkupeza 9. Bambo ake atabwera kuchokera kumunda wa nzimbe anayang'ana nkuti walakwa ansala ndi 1, ndipo anakatenga kakyuleta yawo ya Casio ija anagwiritsa ntchito pa MSCE, fx-82MS, anadina tonse tikuona ikutulutsadi 1. Mwana anatenga foni yanga kudina zomwezo, foni ikuti 9. Ndiye makina awiri akutsutsana, bambo ndi mwana akutsutsana, mwanayo mpaka anakagona osadya nsima poti bambo ake anamuuza kuti akungotha fizi. Ine masamu ndinasiyira folomu 2 koma zikundipweteka chifukwa mwanayu amalimbikira, amawerenga ndi tochi ya foni magetsi akazima kutentha konseku. Olakwa ndani apa? Ndipo pa mayeso alembe chani?

Kabaza_Dyeratu

Mayi mwanayo wakhoza musamufooketse. Zamubulaketi 1+2 ndi 3. Zatsala 6÷2×3, ndiye kugawa ndi kutaimusa mphamvu zake nzofanana umangoyambira kumanzere kupita kumanja ngati mmene timawerengera kalata, 6÷2 ndi 3, kutaimusa 3 ndi 9. Lembani pa Google muone, naye akupatsani 9. Casio ya madalayo mwina yakalamba.

Nyachikadzi_Bangula

Ayi achimwene musanamize anthu. Ife anatiphunzitsa BODMAS, lamulo la zoyambira posova samu, kuti B ndi mabulaketi, ndipo bulaketi sunathane nayo ngati ikuonekabe. 2(3) bulaketi ikadalipo, uyambe waichotsa kaye, 2(3) ndi 6, kenako 6÷6 ndi 1. Mbuya a ku Nchalowo akunena zoona ndipo Casio ndi imene amaloleza mkalasi osati foni.

Mphunzitsi_Opuma_Ngabu

Mayi a ku Nchalo, choyamba mukauze bambo a mwanayo kuti Casio yawo sinaonongeke, chachiwiri muwauze kuti mwana wawo sanalakwe. Ndikudziwa zikumveka ngati ndikuopa kuweruza koma lezani mtima ndifotokoze, ndagwira choko zaka zambiri ndipo samu iyi yandipezapo kangapo.

Ndiyambe ndi inu achemwali a ku Bangula. Ansala yanu ya 1 ili ndi pogwira koma chifukwa mwaperekacho sichoona. B wa BODMAS amanena za zimene zili MKATI mwa bulaketi basi. Mukangophatikiza 1+2 kupeza 3 ntchito ya B yatha. 2 ali kunjayo akutaimusa, sali mkati. Ndiye funso lenileni ndi ili, kutaimusa kolemba mogundaniza chonchi 2(3) popanda chizindikiro cha ×, kodi ndi kofanana mphamvu ndi 2×3 kapena ndi kwamphamvu kuposa? Apa ndi pamene anthu a masamu sanamange chimodzi, ndipo BODMAS sanenapo kanthu.

Amene amati nzofanana amapeza 9 ngati mmene wachitira mnyamata wa ku Dyeratu. Ndi lamulo limene limalembedwa m'mabuku ambiri a ana, kugawa ndi kutaimusa kuyambira kumanzere. Koma tsegulani buku la folomu 2 pa algebra, mupeza 6x ÷ 2x, mphunzitsi aliyense ngakhale ineyo ndikuuzani kuti ansala ndi 3, chifukwa 2x timamutenga ngati chinthu chimodzi chomangidwa mtolo. Mukatsata za kumanzere kupita kumanja mwamakani mupeza 6x÷2 kenako kutaimusa x, zimene zikupatseni 3x², ndipo palibe angakuchongeni. Mwaona? M'kalasi momwemo timagwiritsa ntchito zizolowezi ziwiri osazindikira. Amene amapeza 1 akungomutenga 2(1+2) ngati mmene timamutengera 2x.

Opanga makakyuleta nawo anagawanika pomwepa. Casio fx-82MS anaipanga kuti kutaimusa kogundaniza kuzikhala patsogolo pa kugawa, ndiye imatulutsa 1. TI-83 Plus ya kampani ya Texas Instruments imene ana a ku America ankagwiritsa ntchito kwambiri imatulutsa 9. Zonse ndi zamoyo, zangopatsidwa malangizo osiyana ku fakitale. Mayi tayesani izi madzulo ano, pa Casio yomweyo mudine 6÷2×(1+2) ndi chizindikiro cha × pakati, muona ikupatsani 9. Kachizindikiro kamodzi komweko ndi kamene kakanganitsa banja lanu.

Ndipo sizinayambe ndi Facebook ayi. Kale mu 1917 katswiri wina wa masamu ku America, N. J. Lennes, analemba kale zoti lamulo la m'mabuku likusemphana ndi mmene anthu amasovera algebra, chitsanzo chake chinali 9a²÷3a chimene aliyense amati ndi 3a. Mu 2019 inabukanso ina, 8÷2(2+2), ena 16 ena 1, mpaka pulofesa Steven Strogatz anailemba mu nyuzipepala ya New York Times. Ndiye zaka zoposa 100 anthu ophunzira akulimbana nazo, mwana wa folomu 1 asagone ndi njala chifukwa cha zimenezi.

Ine chimene ndinkauza ana anga nchakuti samu imachokera pa nkhani, ndiye funsa nkhani yake. Tiyerekeze muli ndi mavwende 6, mukugawira mabanja 2, banja lililonse muli kholo 1 ndi ana 2. Aliyense alandira vwende 1, samu yake ndi 6÷(2×3). Nkhani ina, matumba 6 a thonje mwagawana anthu 2, aliyense matumba 3, ndipo thumba lililonse kulinyamula pa ngolo kukafika pa msika ndi K1,000 kuphatikiza K2,000 ya wosenza, aliyense alipira K9,000, samu yake m'masauzande ndi (6÷2)×3. Nkhani ziwiri zosiyana kutalitali, ndiye munthu wazilemba zonse ndi kalembedwe kamodzi 6÷2(1+2). Olakwa ndi wolemba funsoyo. Nchifukwa chake mukamapita kutsogolo ndi masamu chizindikiro cha ÷ chimasowa, timalemba ngati fulakishoni, 6 pamwamba mzere pakati, ndipo chimene chili pansi pa mzere chimaoneka ndi maso, palibe mkangano.

Nyachikadzi_Bangula

Aphunzitsi ndamva za bulaketi zija, ndinali ndisanazimve choncho. Koma nanga D wa kugawa amabwera kutsogolo kwa M wa kutaimusa mu BODMAS, si ndiye kuti kugawa kumayamba nthawi zonse? Ndiye mukuti nzofanana bwanji

Mphunzitsi_Opuma_Ngabu

Achemwali limenelo ndiye vuto limene limandidandaulitsa kuposa samu ya pa WhatsApp ija, chifukwa ili limalepheretsadi ana mayeso. Mawu akuti BODMAS ndi ongothandiza kukumbukira, koma masitepe ake ndi anayi osati sikisi. Mabulaketi, kenako mapawa, kenako kugawa ndi kutaimusa pamodzi, pomaliza kuphatikiza ndi kuchotsera pamodzi. Ku America amaloweza PEMDAS kumene M amayamba D nkumatsatira, koma 12÷3×2 kwa iwo ndi kwa ife ndi 8 yemweyo.

Poopsa ndi pa A wa kuphatikiza ndi S wa kuchotsera. Mpatseni mwana 10−4+3. Ambiri oloweza amati A amayamba, 4+3 ndi 7, 10−7 ndi 3. Tsopano muuzeni kuti unali ndi nkhuku 10, chitopa chapha 4, wakagula zina 3 pa msika wa Ngabu, m'khola muli zingati? Akuuzani 9 osaganiza nkomwe. Mutu wake ukudziwa, nyimbo yoloweza ija ndi imene yamusokoneza. Pa iyi palibe za magulu awiri, 3 ndi kulakwa basi.

Wa_Golosale_Nsanje

Takhuta aphunzitsi. Ine ndiwonjezere za ife a malonda poti zinandionekera. Makakyuleta akuluakulu amabatani onenepa timaika pa kauntala aja sadziwa BODMAS olo pang'ono, amasova mmene ukudinira. Dinani 2+3×4 akupatsani 20, foni ikupatsani 14. Tsiku lina ndinasiya mphwanga mu golosale ndili ku maliro ku Tengani, kasitomala watenga shuga wa 4,000 ndi sopo mutatu wa 1,500, iye kudina 4000+3×1500 chinatuluka 6,004,500, mwanayo anachita mantha kuganiza kuti makina afa mpaka kuyamba kuwerengera pa katoni. Mwayi wake nambalayo inali yoonekeratu kuti njabodza, koma pa banki mkhonde pathu tikamawerengera masheya ndi chiongoladzanja zolakwa zake zimatha kubisala, ndiye tinagwirizana kuti chilichonse chotaimusa tizisova pachokha nkulemba mu kope kenako nkuphatikiza pamapeto, kapena kugwiritsa batani losungira nambala la M+ kwa amene amalidziwa. Kuyambira pamenepo kukayikirana kunachepa.

Kalaliki_Chikwawa

Pa kompyuta naponso samalani. Mu Excel mukalemba =6/2(1+2) sakuyankhani nkomwe, akuti fomula yalakwika nkukufunsani ngati mumafuna kuika chizindikiro chotaimusira pakati, mukavomera ndi pamene akupatsani 9. Kwa ine ndiye njira yabwino imeneyo, kufunsa kaye osangoganizira. Koma Excel yemweyo ali ndi khalidwe lake lina, mukalemba =-3^2 amakupatsani 9 pamene m'kalasi −3² ndi −9 poti pawa imayamba minus nkubwera pambuyo. Ine mafomula anga onse a kuntchito ndimadzaza mabulaketi ngakhale pooneka ngati posafunika, anzanga amati ndimachulutsa koma ndalama za anthu sizofunika kuyerekeza.

Kabaza_Dyeratu

Chabwino aphunzitsi za Casio ndabweza mawu, sinakalambe. Komabe ine ndikadali pa 9, ngati munthu amafuna 1 akanaika bulaketi ina kuzungulira 2(1+2) yense, sanaike ndiye tisamuikire.

Mayi_wa_ku_Nchalo

Zikomo nonse makamaka inu aphunzitsi a ku Ngabu, Mulungu akudalitseni. Tayesa zija munanena, bambo ake adina okha 6÷2×(1+2) pa Casio yawo yatulutsa 9, achotsa × yabwerera pa 1, abwereza katatu ali chete. Kenako amuitana mwana nkumuonetsa, panopa ali pakhonde awiri akuyesa masamu ena, ya nkhuku ija mwana anakhoza koma ya 6x ÷ 2x sanafikepo mkalasi. Chatsala ndi funso langa lachiwiri lija aphunzitsi, ikabwera pa mayeso chonchi alembe chani?

Mphunzitsi_Opuma_Ngabu

Mayi, wolemba mayeso wodziwa ntchito yake salemba funso chonchi, amaika mabulaketi okwanira kapena fulakishoni. Koma ikapezeka pa tesiti ya mkalasi yokhala ndi manambala okhaokha ngati iyi, atsate lamulo limene waphunzitsidwa mu folomu 1, kumanzere kupita kumanja, ndipo mzere wake woyamba alembe mmene walimvera funsolo, (6÷2)×(1+2), kenako 3×3, kenako 9, kuti wochonga aone njira yake yonse. Akakhala ndi mpata akweze mkono afunse kuti 2(1+2) yense ali pansi pa 6 kapena ayi. Lolemba apite nayo kwa aphunzitsi ake a masamu pamodzi ndi Casio ya bambo akeyo akawaonetse ansala zonse ziwiri, akabwere adzatiuze zimene anena.