Gulu la Banja ku Harare: Ndodo za Tiyamike

Malume (Mufakose): Odi pagulu pano. Mwaswera bwanji nonse? Mwana wathu wa ku Brno ali ndi pempho. Tiyamike, fotokoza wekha, ine ndingapotoze.

Tiyamike: Zikomo malume. Moni nonse, kuno kwayamba kuzizira koopsa. December uno wa 2025 mpikisano wa dziko lonse wa floorball wa azimayi uchitikira kuno ku Czech, m'mizinda iwiri, Brno ndi Ostrava. Mayiko 16. Ine ndalembetsa kukathandiza ntchito kumeneko, yongodzipereka. Ukangotha ndikubwera kudzadya nanu Khirisimasi. Ndiye ndikupempha ziwiri. Mudzaonere pamodzi fainolo, komanso mundithandize kubweretsa ndodo zosewerera kuti atsikana a ku Mabvuku ayambe kuphunzira.

Yamikani: Msuweni, mpira wanjinso umenewo? Wa anthu okolopa m'nyumba? 😂

Tiyamike: Iwe Yamikani usandiyambe. Uli ngati hockey, koma wa m'holo. Osewera asanu mbali iliyonse, kuphatikizapo goloboyi akhala asanu ndi mmodzi. Ndodo zake ndi zopepuka, kumapeto kwake ndi pulasitiki. Kampira kake ndi kapulasitikinso, kamphako, kali ndi mabowo 26, kulemera kwake magalamu 23 basi. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20.

Tiyamike: Goloboyi sagwira ndodo. Amavala chipewa choteteza nkhope n'kugwada pagolo, amawakha ndi manja.

Azakhali (Tafara): Amagwada? Ndiye ndi masewera aulemu amenewo. Atsikana a masiku ano kugwada anaiwala, mwina akaphunzira kumeneko.

Yamikani: Azakhali mwatha nkhani 😂😂

Amake Dalitso: Pepani alamu, ndilankhule monga wosunga thumba. Sindikukana za mwana, koma tisaiwale kuti chiliza cha agogo aamuna tinagwirizana April, ndipo mabanja anayi sanaponyebe kalikonse. January ndi fizi. Tikayambanso msonkho wa ndodo, anthu anena kuti ife tikusewera pomwe manda ali pamtunda.

Malume (Mufakose): Mlamu wanena zoona. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Bambo aang'ono (Dedza): Ine ndikudzidziwa. Feteleza wandithera ndalama. Ndituma kumapeto kwa mwezi.

Tiyamike: Mayi aang'ono ndamva. Ndodo sindikugula ayi. Atsikana a timu yomwe ndimasewera nayo Lachiwiri madzulo asonkha zakale zawo, zakwana 14, ndi timipira thumba limodzi. Vuto ndi kunyamula. Ndodo imodzi ndi pafupifupi mita, m'sutikesi siikwana, ndiye zikhala katundu wapadera pa ndege, wolipira payekha. Ndi pomwe ndikupempha thandizo.

Dalitso: Ine funso langa ndi lina. Ndaona pa foni kuti bwalo lake ndi mamita 40 mulitali, 20 mulifupi, lozunguliridwa ndi kampanda kotalika masentimita 50. Holo ya kutchalitchi kwathu ngakhale theka sifika. Kampandako tikatenga kuti?

Tiyamike: Limenelo ndi bwalo la mpikisano achimwene. Ana kuno amayambira m'holo za sukulu, atatuatatu. Mabenchi mumangowagoneka cham'mbali, akhala mpanda. Pagolo mipando iwiri. Chofunika ndi pansi posalala basi, simenti ya m'holo ija ndi yabwino. Nsapato ndi matenesi omwewa.

Amake Tiyamike: Mabenchi a kutchalitchi? Mwana iwe ukufuna amayi a chigwirizano andidye wamoyo.

Yamikani: Ine ndikufuna kudziwa timu yoti ndisapote. Sindionera mpira ndilibe mbali.

Dalitso: Ukafuna kusangalala tenga Sweden. Mpikisano woyamba unachitika 1997 ku Mariehamn, anawina ndi iwowo. Finland inatenga 1999 ndi 2001, Switzerland inatenga 2005 ku Singapore. Kuchokera 2007 mpaka 2023 ndi Sweden yokhayokha, kasanu ndi kanayi motsatizana. Umachitika zaka ziwiri zilizonse.

Yamikani: Aaa, ndiye enawo amapitiranji? Kukaperekeza?

Tiyamike: Si zophweka choncho. Mu 2019 ku Neuchâtel, Switzerland inalimbana nawo mpaka nthawi yowonjezera. Koma nkhani ya chaka chimenecho usayerekeze kuitchula kwa anzanga a kuno. Mu semifainolo Czech inkatsogola 6-2 kutatsala mphindi ziwiri zokha. Switzerland inachinya zinayi motsatizana, kenako n'kuwina 7-6 mu nthawi yowonjezera. Mnzanga wina amati anali atatsegula kale botolo, mpaka lero akaikumbukira amangogwira kumutu. Golide sanatengepo, ndiye chaka chino poti ali pakhomo mzinda wonse uli ndi chiyembekezo.

Yamikani: Basi ine Czech. Akudyetsa msuweni wanga, ndiwayamike.

Malume (Mufakose): Nanga a Sweden amadya chiyani?

Tiyamike: Malume, masewerawa anakulira kwawoko, amawatcha innebandy. Bungwe lake la dziko lonse analiyambitsa 1986 ndi mayiko atatu, Sweden, Finland ndi Switzerland, ndipo ndi omwewo akhala akugawana golide wa azimayi. Mtsikana wa kumeneko amagwira ndodo ali wamng'ono ngati mmene ife tinkaphunzirira fulaye ndi phada.

Azakhali (Tafara): Ndikhululukireni, ndilemba zazitali. Mlamu Amake Dalitso, muwerenge mofatsa.

Azakhali (Tafara): Mu 1980, ufulu utangobwera, atsikana a hockey a dziko lino anakatenga golide ku Moscow. Golden Girls aja. Ine ndinali ndi zaka 13. Nthawi imeneyo bambo ankaphikira azungu ku Highlands, ife tinkakhala kanyumba ka kuseri. Pafupi panali sukulu ya atsikana, masana ine ndinkakakamira pa waya kuonerera akusewera, masiketi afupiafupi, ndodo zikulira kho kho. Mpira ukadumpha waya ndinkathamangira kukatola, ndinkauchedwetsa dala m'manja kuti ndiumve kulemera kwake ndisanauponye. Timu ya ku Moscow ija onse anali azungu, koma ine ndinkati ndi anga.

Azakhali (Tafara): Ndinadula nthambi ya malubeni yopindika kumapeto, ndinaisenda ndi mpeni wa kukhitchini. Mpira unali chitsononkho. Tsiku lina bambo anandipeza ndikumenya chitsononkho pa kapinga wa abwana. Sanandikalipire. Anangotenga ndodo ija, kuithyola pabondo, n'kunena chapansipansi kuti mwana wanga, ukufuna tichotsedwe pano tikagone kuti? Madzulo anandibweretsera banzi lopaka jamu. Kuyambira pamenepo sindinagwirenso ndodo.

Azakhali (Tafara): Ndiye chiliza chimene tikukambachi ndi cha munthu yemweyo. Ndikudziwa kuti ankaopa, sankandida. Ine $20 ya ndodo ndiponya, ya chiliza ndinapereka kale. Atsikana athu Tadala ndi Chisomo akhale oyamba kuzigwira.

Amake Tiyamike: Achemwali, nkhani imeneyi simunandiuzepo.

Azakhali (Tafara): Unali usanabadwe. Komanso zinali zamanyazi.

Amake Dalitso: Mwandiliza alamu. Chabwino, koma ndalama zisasakanizike. Thumba la chiliza silikhudzidwa ngakhale dola imodzi. Za ndodo ndi zofuna munthu, palibe kukakamiza. Ine $10.

Malume (Mufakose): Ine $15. Mlamu, mutsegule tsamba lina m'kabuku kanu.

Yamikani: $5, kombi sikuyenda bwino mwezi uno. Koma ku eyapoti ndikamtenga ndine, petulo wanga. Ndodo zigona pansi pa mipando.

Bambo aang'ono (Dedza): Ine ndimalize kaye za chiliza. Koma ndodo ziwiri zidzafike kuno, adzukulu anga nawonso ndi anthu.

Tiyamike: Ziwiri sizikwana masewera bambo. Tiyambe ku Mabvuku, zikayenda ulendo wina ndidzanyamula za ku Dedza.

Bambo aang'ono (Dedza): Ulendo wina ndi umene tinauzidwa pa nkhani ya njinga.

Yamikani: 😂😂 bambo saiwala

Malume (Mufakose): Tibwerere pa zoonera. Tikaonera kwa ndani? Kwanga ayi, mukukumbukira za mpira uja. Magetsi anathima theka loyamba, jenereta inatha mafuta, tinamaliza kumvera kukuwa kwa aneba.

Dalitso: Kwathu ku Highfield kuli sola ndi inveta, TV imatha maola anayi tikazimitsa firiji. Ndilumikiza laputopu. Data ndi imene idye ndalama, ndi intaneti yokhayokha.

Tiyamike: Link ndidzatumiza ndi nthawi yake. Kumbukirani kuti December inu mumakhala patsogolo ndi ola limodzi. Kuno ikakhala 4 koloko kwanuko ndi 5. Fainolo ndi Lamulungu.

Amake Tiyamike: Ndiye tikaweruka kutchalitchi tilunjike ku Highfield. Ine ndibwera ndi nkhuku ziwiri ndi ufa. Achemwali, chigwada chanu chotendera chija.

Azakhali (Tafara): Chinangwa chaphuka bwino ndi mvulayi, masamba alipo. Nsinjiro wina agule ku Mbare, za m'shopu sizikoma.

Amake Dalitso: Nsinjiro ndi Mazoe ndi ine. Data tigawane, $2 banja lililonse.

Amake Tiyamike: Agogo ali pompano, ndawawerengera zonse. Akuti mdzukulu wawo adzaoneka pa TV?

Tiyamike: Auzeni kuti sindikusewera ine agogo, ndikhala ndikuthandiza anthu pakhomo kapena kuwongola kampanda osewera akakagunda. Kamera ikadutsa ndidzakweza dzanja.

Amake Tiyamike: Akuti uvale chitenje chomwe anakupatsa kuti akuzindikire msanga. Akutinso ukabwera uwasonyeze goloboyi wogwadayo, sakukhulupirira.

Yamikani: Goloboyi tili naye kale. Azakhali.

Azakhali (Tafara): Maondo anatha awa mwanawe. Ine mundipatse ndodo. Tiyamike, pa 14 zija pali yamanzere? Ndine wamanzere ine.

Tiyamike: Zilipo za mbali zonse azakhali, zimasiyana mapindikidwe a kumapeto. Mudzayesa nokha yomwe ikukukhalani. Ina ndi yobiriwira, yakutha pang'ono pogwirira, ndiikulunga tepi yatsopano.

Malume (Mufakose): Chabwino. Ndalama za ndodo zifike kwa mlamu pasanafike pa 30 November kuti mwana alipire katundu nthawi ilipo. Za holo ndikalankhula ndi abusa Lachitatu, Amake Tiyamike mukhalepo, inu ndi amene mumamvana ndi amayi a chigwirizano.

Amake Tiyamike: Ndidzapita, koma za mabenchi mukayambitse ndinu achimwene.

Malume (Mufakose): Tsopano nkhani ina. Ndani anatenga mpoto waukulu pa ukwati wa Mphatso?