Za huva yokakamira pakapeti ija, zatheka

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditadandaula kuti huva yanga (makina okoka fumbi) ikukakamira pakapeti mpaka mkono kuwawa poikankha. Ndinatsatira malangizo a mayi ena amene anati mphamvu isamakhale pamapeto nthawi zonse. Ndinapotokola kabatani kozungulira kufika pakati, kenako ndinatsegula pang'ono kachitseko ka mpweya ka pachogwirira. Panopa ikungoyenda myaa, fumbi ikukokabe bwinobwino, phokoso nalo lachepa.

Kwa amene vutoli lingakupezeni: kumutu kwa huva kuli kopondera ndi phazi. Pa matailosi kapena pasimenti tulutsani maburashi, pakapeti abwezereni mkati. Makatani amafuna mphamvu yochepetsetsa, apo ayi imawameza. Ikafooka, musathamangire kuwonjezera mphamvu, yambani mwaona thumba la fumbi ndi fyuluta (sefa ya mpweya). Ngati fyulutayo ndi yochapika, iume kaye tsiku lathunthu musanaibwezeremo.